Kodi Utsi wa Mafakitale Ndiwo Ukudwalitsa Anthu ku Kafue?

Tauni ya Kafue inakula chifukwa cha mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kupanga feteleza mu 1970, pa nthawi yomwenso Kafue Textiles inkaluka nsalu, anthu anachokera kutali kudzafuna ntchito, ndipo pambuyo pake panabweranso fakitale yosungunula zitsulo. Nchifukwa chake munthu akayamba kutsokomola kosalekeza, anansi sachedwa kuloza chala ku dera la mafakitale nanena kuti ndi utsi umenewo. Mwina akunena zoona. Koma tingadziwe bwanji?

Funso loyamba la akatswiri a ziwerengero ndi lakuti: odwalawo ali pakati pa anthu angati? Tiyerekeze kuti m'komboni ina muli anthu 2,000 ndipo 12 ali ndi chifuwa chachikulu, pamene m'komboni ina muli anthu 500 ndipo odwala ndi 6. Ambiri angathamangire kunena kuti vuto lakula m'komboni yoyambayo. Koma kumeneko odwala ndi 6 pa anthu 1,000 alionse, pomwe m'komboni yaing'onoyo ndi 12 pa 1,000. Kumene kukumveka phokoso lochepa ndiko matenda akula kawiri.

Kenaka tiyenera kudziwa kuchuluka kwa nthendayo kumene kulibe fakitale. Kafukufuku wa dziko lonse la Zambia wa mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti akuluakulu 638 pa 100,000 alionse anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumidzi. Potsata mlingo wa zaka zimenezo, pamalo pamene pali akuluakulu 5,000 tikanayembekezera odwala pafupifupi 32, kaya pali fakitale kaya palibe. Choncho kupeza odwala sikokwanira. Chofunika ndi kuona ngati apitirira amene timawayembekezera.

Apa ndi pamene mwayi umatisocheretsa. Tonsefe tikudziwa banja limene linabereka ana asanu, onse aakazi, ndipo achibale a mwamuna anayamba kunong'onezana za mayiyo. Chonsecho masamu ake ndi osavuta. Pa kubadwa kulikonse mwayi wa mwana wamkazi ndi pafupifupi theka, motero pa mabanja 32 a ana asanu, limodzi lidzakhala la atsikana okhaokha popanda wolodza aliyense. Matenda nawonso amatero: nthawi zina odwala atatu amapezeka mumsewu umodzi mwangozi chabe. Anthu akachepa, chiwerengero chimadumphadumpha chaka ndi chaka, ndipo munthu wanzeru sagamula mlandu ndi chaka chimodzi.

Palinso zinthu zina zoononga mapapo zimene ziyenera kulekanitsidwa ndi utsi wa fakitale: fodya, mbaula ya makala m'nyumba yotseka mawindo, kugona mothithikana, ndi kachilombo ka HIV kamene kamafooketsa thupi. Ndipo eni fakitale iliyonse akanena kuti antchito awo ali ndi thanzi, tisafulumire kuwomba m'manja. Wodwala kwambiri amasiya ntchito nabwerera kumudzi, ndipo dzina lake limachoka m'buku. Otsala, amene akuwerengedwawo, ndi amphamvu okhaokha.

Wina asaganize kuti ziwerengero zimangoteteza olemera. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma kuyeza magazi a ana ambirimbiri a m'makomboni oyandikana ndi mgodiwo ndiko kunasonyeza poyera kuti mtovu m'matupi mwawo unali wochuluka koopsa. Dandaulo la makolo linasanduka umboni umene munthu sangautsutse ndi pakamwa.

Nzosangalatsa kuti luso limeneli linayambira m'mabuku a maparishi. Mu 1662 John Graunt, wogulitsa nsalu wa ku London, anasonkhanitsa ndandanda za maliro zimene alembi a maparishi ankapereka sabata ndi sabata, nayamba kuona matenda amene ankapha anthu ambiri ndiponso zaka zimene imfa zinkachuluka. Alembi athu amene amadandaula polemba mabuku a ubatizo ndi a maliro adziwe kuti ali ndi makolo olemekezeka pa ntchitoyi.

Komabe wowerenga sangawerenge munthu amene sanalembedwe. Wodwala amene akungomwa mankhwala ogula pa kantemba, namwalira kunyumba, sapezeka m'kaundula aliyense, ndipo ngati utsi ulidi ndi mlandu, umboni wake wapita naye kumanda. Amene watsokomola milungu iwiri apite kuchipatala akayezetse makhololo. Akafunsidwa, anene kumene amakhala, ntchito imene amagwira ndi zaka zimene waigwira, ngakhale anaisiya kalekale. M'zipatala za boma mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere, ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi 6.