SITUDIYO YA KUCHIPINDA: Kodi geni ya nyimbo ingayende ku Mphunzi?

Mukafika pa Mphunzi Lamulungu m'mawa, chimene chimayamba kukulonjerani musanaone n'komwe tchalitchi ndi nyimbo. Mishoni ya pano anaitsegula ndi amishoni a Dutch Reformed Church mu 1903, lero ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndiye kuti anthu akhala akuimba m'munsi mwa phirili zaka zoposa 120. Amayi a Chigwirizano ali ndi zawo, makwaya a achinyamata ali ndi zawo, ndipo kumidzi yozungulira ng'oma ya gule ikalira usiku imamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Koma kwaya ya kumudzi ikafuna kuika nyimbo zake pa chimbale, nkhani imasanduka ya thiransipoti. Kusonkherana ndalama, kuchita hayala galimoto mpaka pa M1 kenako Lilongwe, kugona mothithikana kwa abale, kukafika ku situdiyo mawu atasasa ndi fumbi komanso mphepo ya pa lole. Ndalama yambiri imathera m'njira nyimbo isanayambe.

N'chifukwa chake talemba nkhaniyi kwa inu a geni a ku Tsoka, ku Limbe, kwa Kawale ndi kwina konse. Ambiri mwa inu kwanu ndi konkuno ku Dedza, ndipo tikudziwa kuti kunyumba kuli mnyamata amene analemba Fomu 4, ntchito palibe, tsiku ndi tsiku akukulirirani kuti mumugulire laputopu ndi maikolofoni atsegule situdiyo kumudzi. Ndalama akuifunayo ndi mpamba wanu, wa mabelo a kaunjika kapena wa matumba a kachewere. Musanatseke pakamwa pa mnyamatayo, kapena musanatsegule chikwama, tamvani kaye.

Choyamba, asakunamizeni munthu kuti nyimbo zabwino zimachokera m'tauni mokha. Nthawi ya chipani chimodzi woimba aliyense maso amakhala ku MBC, poti n'kumene kunali makina ojambulira, ndipo nyimbo ikajambulidwa inkakhala pa tepi ya wailesi, mwini wake n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Zinthu zitasintha ndi riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, likulu la nyimbo za Malawi silinakhale Blantyre kapena Lilongwe ayi. Linali Balaka, katauni kotentha ka m'mbali mwa njanji, kumene a Paul Banda a Alleluya Band ankajambula anzawo mu situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene anthu ankangoti IY. Chimbale choyamba cha mng'ono wawo, malemu Lucius Banda, cha Son of a Poor Man, anakachijambulira ku Johannesburg, koma oimba ambiri amene anatchuka ndi chamba cha Balaka anadutsa m'manja mwa a Paul Banda komweko. Inu amene munkagulitsa makaseti zaka zimenezo, opikula kwa O.G. Issa, mukukumbukira mmene ankayendera malonda.

Palinso za anyamata aja ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, a Malawi Mouse Boys. Mzungu wa ku America, Ian Brennan, anawajambula panja kumudzi kwawo ndi zida zonyamula m'manja, chimbale n'kutuluka mu 2012. Brennan yemweyo anajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbalecho chinakapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Kumeneko kunalibe galasi lotchinga, kunalibe mpando wa ndalema. Kunali makutu a munthu wodziwa ntchito, basi.

Tsono tiyeni ku Mphunzi. Mdani woyamba wa situdiyo ya kumudzi si kusowa kwa zida, ndi malata. Mvula ya ku Dedza ikayamba kugunda padenga la malata mu Januwale, ngakhale woimba akuwe bwanji maikolofoni imamva mvula yokhayokha. Masana malata omwewo amathetheka ndi dzuwa, maikolofoni n'kutola. Chipinda chojambulira chimafuna siling'i, ndipo pakati pa siling'i ndi malata pakhale china chofewa chomeza phokoso. Zoseketsa n'zakuti nyumba ya udzu ya agogo, imene mnyamata wanu akuinyoza, imamveka bwino kuposa nyumba ya malata ya simenti pansi. Khoma la njerwa zootcha ndi labwino poti ndi lolemera, phokoso la panja sililowa msanga. Molowera phokoso ndi pa chitseko ndi pa zenera, choncho mipata yonse itsekedwe.

Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Kutsekereza phokoso la panja ndi nkhani ina, kuthetsa kubwereza kwa mawu m'kati mwa chipinda ndi nkhani inanso. Lowani m'chipinda chopanda katundu muombe m'manja, mumva kakulira kotsalira m'makoma. Kameneko n'kamene kamachititsa nyimbo kumveka ngati yajambulidwa m'bafa. Mankhwala ake ndi zinthu zofewa ndi zokhuthala: matiresi woimika kumbuyo kwa woimba, mabulangete olendewera motalikirako pang'ono ndi khoma, mphasa ndi kapeti pansi. Inu a kaunjika apa ndiye pa inu, mabulangete aja osagulika amene atsalira pansi pa belo apeza ntchito. Koma za matileyi a mazira amene anyamata amakonda kumata khoma lonse, pepani, n'zongokongoletsa chithunzi cha pa Facebook. Ndi opyapyala, saletsa phokoso la chigayo kapena la njinga yamoto ya kabaza, ndipo ndi nyumba ya mphemvu komanso sachedwa kugwira moto.

Malonso muwasankhe bwino. Mwiniwake wa geni amaganiza za pa tiledingi senta poti ndi pamene pali anthu. Pa situdiyo nzeru imeneyo ndi yolakwika. Pafupi ndi chigayo, shabini kapena malo oonetsera mpira simudzajambula kanthu. Ndipo ngakhale kumudzi kwenikweni, tambala ndi mbuzi sizidziwa kuti mwayatsa makina. Ojambula ambiri a m'nyumba amagwira ntchito usiku pa chifukwa chimenechi.

Mdani wachiwiri ndi magetsi. Ngakhale pamene mawaya a ESCOM anafika, tonse tikudziwa mmene amathimira, ndipo akamabwera amatha kubwera ndi ukali n'kuotcha zida. Ubwino wa laputopu ndi wakuti ili ndi batire yakeyake, magetsi akazima pakati pa nyimbo ntchito siitayika. Sola ndi batire lalikulu zimakwanira kuyendetsa situdiyo yaing'ono, poti zida zake sizidya moto wambiri ngati ayironi kapena mbaula. Chenjerani ndi invetala. Zotchipa zija zodzaza m'misika zimatulutsa moto wosasalala, ndipo m'nyimbo mumamveka kulira ngati njuchi yatsekeredwa m'botolo. Funsani yolembedwa kuti pure sine wave. Jenereta ndiye ikhale kutali ndithu ndi chingwe chachitali. Nzeru imeneyi ndi yakale: Hugh Tracey, amene anayendayenda m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 kujambula nyimbo za makolo, ankasiya jenereta yake patali kuti isamveke, iye n'kumayenda pakati pa oimba maikolofoni ili m'manja.

Za zida sitichulukitsa gaga m'diwa. Pakufunika laputopu yamphamvu pang'ono, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Pakufunika kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, kamene anyamata amati saundikhadi, ndipo kakhale ka mabowo awiri olowetsera kuti muthe kujambula ndi maikolofoni awiri nthawi imodzi. Pakufunika mahedifoni otseka khutu lonse, kuti nyimbo imene woimba akumvera isatayikire mu maikolofoni. Masipika a situdiyo akhoza kudikira. Pulogalamu yojambulira ilipo yaulere yotchedwa Audacity, ndipo anyamata opanga mabiti amakonda FL Studio.

Pa maikolofoni ndi pamene ndalama zimatayikira. Ilipo mitundu iwiri. Ya condenser, yonenepa ija mumaiona m'mavidiyo, imatola mawu bwino kwambiri koma imatolanso chilichonse, mpaka mwana wolira kwa aneba. Imafuna moto wa mavoti 48 wochokera mu saundikhadi, ndipo imadana ndi chinyontho. Nkhungu ya ku Dedza ya mu Juni ndi Julayi ikhoza kuiyambitsa kuthetheka, choncho mukamaliza ntchito ibwerere m'bokosi lake. Ya dynamic, monga Shure SM58 imene mumaiona m'matchalitchi ndi pa misonkhano, ndi yolimba ngati khasu, ndipo m'chipinda chosakonzedwa bwino imakhululuka zambiri. Ife tikanati tiyambe ku Mphunzi tikanayamba ndi imeneyi. Vuto lake ndi lakuti yofanizira yachuluka kuposa yeniyeni. Inu a geni simufuna kuphunzitsidwa zimenezi: katundu wa dzina akatchipa modabwitsa, chikomekome cha mkuyu. Kumbukiraninso kuti zonsezi ndi zochokera kunja, kaya ku Johannesburg kaya ku Dar es Salaam, pali msonkho wa MRA, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa dzulo si wa lero.

Tsono funso la mwini mpamba: ndalama ibwera kuchokera kuti? Apa tinene chilungamo. Mnyamata wanu akulota zojambula anzake oimba zamakono, koma anzakewo matumba ndi obooka ngati iye yemwe. Adzajambula pa ngongole, ngongoleyo n'kufera pomwepo. Kasitomala weniweni ku Mphunzi ndi kwaya. Kwaya ili ndi msungichuma, imasonkha, imalima ganyu pamodzi, ndipo ikakolola imalipira. Koma anthu 30 sangakwane kuchipinda. Ndiye situdiyo ya kumudzi izitha kulowa m'chikwama n'kukwera njinga. Mukajambulire m'tchalitchi mkati mwa sabata, maikolofoni awiri patsogolo pa kwaya, amene ali ndi mawu aakulu abwerere m'mbuyo pang'ono, ng'oma ndi visekese zitalikire. Kuonjezera apo pali mauthenga a malonda a pa wailesi za m'madera monga ya Bembeke, nyimbo za zikwati, ndi nthawi ya kampeni imene andale amafuna nyimbo usiku umodzi. Awa ndiye alipiretu zonse musanayatse kompyuta.

Geni imeneyi ili ndi nyengo ngati ya feteleza. Ndalama kumudzi imaoneka anthu akakolola ndi kugulitsa kachewere, nyemba ndi soya. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mvula ili padenga, m'thumba mulibe kanthu. Wotsegula situdiyo asasiye munda.

Za kugulitsa chimbale ndiye musawerengere. Kaseti inafa, CD inatsatira, lero nyimbo imayenda pa WhatsApp ndi pa memore khadi, ndipo ena mwa inu amene mukuwerenga muli ndi kompyuta pa benchi yoikira anthu nyimbo m'mafoni. Sitikukuimbani mlandu, koma dziwani kuti bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama za eni nyimbo, ndipo lamulo la umwini wa ntchito za luso linakonzedwanso mu 2016. Kwaya ikajambula ikalembetse nyimbo zake kumeneko. Ndipo pakati pa situdiyo ndi woimba pakhale pepala losainirana: walipira zingati, nyimbo ndi zingati, mwini wake ndani. Ine ndinaonapo kwaya ina itasonkha miyezi yambiri, kujambula nyimbo zonse bwinobwino, kenako laputopu ya wojambula n'kufa nyimbo zili momwemo, popanda pena pamene anasungapo. Nkhani inakathera kwa amfumu, ndipo mnyamatayo anachoka pamudzi usiku. Hadi dilaivu yapadera yosungirapo ntchito ya anthu igulidwe tsiku limodzi ndi laputopu.

Chomaliza ndi cha gule. Mapanga a phiri la Mphunzi ali m'gulu la malo 127 a zojambula za pamiyala a Chongoni amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, ndipo zojambula zoyera za Achewa kumeneko zikukhudza chinamwali ndi nyau. Gule Wamkulu naye UNESCO inamulemekeza mu 2005. Alendo amabwera kudzaona, ndipo mnyamata wochenjera aganiza msanga zojambula ng'oma ndi nyimbo za pabwalo kuti azigulitsa. Zikhoza kutheka, koma ayambire kwa amfumu ndi akuluakulu a mzinda, iwo anene zimene zingajambulidwe ndi zimene sizituluka kudambwe, ndipo agwirizane za gawo la oimba ndi oomba ng'oma asanatulutse maikolofoni m'chikwama.