Kagulugufe ka ku California komwe moyo wake wonse uli pa udzu umodzi

Mukakaona pachithunzi mutha kungodutsa osayima. Ndi kakang'ono, kabulauni, mapiko ake akatambasuka amangofika masentimita atatu basi, ndipo ali ndi timadontho toyererako. Azungu amakatcha wandering skipper, asayansi amati Panoquina errans. Kali m'banja la agulugufe otchedwa Hesperiidae, aja a thupi lonenepa ndi mutu waukulu, tinyanga topindika kunsonga ngati mbedza. Achibale ake kuno kwathu aliponso, aja amauluka modumphadumpha mwaliwiro mpaka maso kulephera kuwatsata.

Dzina lakelo limanena za kuyendayenda, koma zoona zake kagulugufeka sikapita patali. Kamakhala m'kamzere kopyapyala m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, kuyambira chakumwera kwa California, cha ku Santa Barbara, kutsika mpaka ku Baja California ku Mexico. Ndipo si paliponse m'gombemo ayi, ndi m'madambo a madzi amchere okha, momwe mitsinje imakumana ndi nyanja, ngati ku Bolsa Chica kapena pamathiriro a mtsinje wa Tijuana.

Chokamangirira kumeneko ndi udzu. Mbozi zake zimadalira udzu wina wopirira mchere wotchedwa Distichlis spicata. Masana mboziyo imabisala m'tsamba lomwe yalipinda, usiku ndiye imatuluka kukadya. Kakakula nkukhala ndi mapiko kamatha kumwa timadzi ta maluwa osiyanasiyana, koma mazira kamayikira pa udzu womwewo. Udzu ukatha, nako katha.

Apa ndiye pali nkhani. Gombe la kumwera kwa California ndi malo odula kwambiri, aliyense akufuna nyumba yoyang'ana nyanja. Madambo ambiri adakwiriridwa kalekale nkumangapo madoko, misewu ndi nyumba, moti otsalawo ali patalipatali ngati tizilumba pakati pa matauni. Zinthu zoti ife a m'tauni kuno sitingadabwe nazo, eti? Dambo lomwe mumaliona chaka chatha, lero pali maziko a nyumba. Kwa wogula puloti, dambo ndi matope oti athiridwe dothi. Kwa kagulugufeka ndi khomo, ndi khitchini, ndi chipinda cha ana, ndipo dambo lina loyandikira likhoza kukhala kuseri kwa makilomita ambiri a simenti.

Ku California kamaoneka kwambiri kuyambira Juni mpaka Sepitembala.