Mphunzitsi Wamkulu Amene Anagonjetsa Kujomba ndi Sopo

Mumzinda wa Newark, m'chigawo cha New Jersey ku America, muli sukulu ya sekondale yotchedwa West Side High School. Chisanafike chaka cha 2018, kaundula wa pasukuluyi ankamvetsa mutu. Ana ambiri ankajomba masiku atatu mpaka asanu pamwezi, ndipo mphunzitsi ankati akalowa m'kalasi, madesiki ena ankangomuyang'ana opanda eni ake. Zifukwa zimene anthu amathamangira kupereka pa nkhani zotere timazidziwa tonse: ana a masiku ano ndi aulesi, makolo awo sasamala, deralo ladzaza ndi umbanda. Munthu ukanena zimenezi umamva ngati wagwira ntchito, pomwe mwana akadali kunyumba.

Chinaulula zoona ndi chikwama. Pakhomo pa sukuluyi alonda amasecha zikwama za ana, ndiye tsiku lina mtsikana wina anakana kwamtuwagalu kuti chake chitsegulidwe. Kunabuka chipwirikiti, botolo la madzi linauluka, mpaka apolisi anaitanidwa. Muli mpeni kodi? Mfuti? Ayi ndithu. Munali zovala zosachapa. Mtsikanayo analibe kokhala, ankayenda ndi katundu wake yense, ndipo kwa iye kunali bwino kugwidwa ndi apolisi kusiyana n'kuti anzake aone zimene zinali m'chikwamamo.

Bambo Akbar Cook, amene nthawi imeneyo anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, nkhaniyi inawalowa mumtima. Atayamba kufunsa, anapeza kuti mtsikanayo sanali yekha. Mwana akabwera ndi malaya akuda m'khosi, anzake ankamujambula mobisa n'kuponya chithunzicho pa intaneti, sukulu yonse n'kumaseka. M'mawa mwake mwanayo sankaoneka. Ndani angabwere?

Wina kuno anena kuti, si akanangochapa? Kwathu ukakhala ndi kachidutswa ka sopo umapita kumjigo kapena kumtsinje, dzuwa n'kukuumitsira mwaulere. Ku Newark nyumba zambiri za lendi zilibe makina ochapira, ndipo kulibe mtsinje woti munthu akachapire malaya pamwala. Anthu amanyamula zovala kupita kumalo ochapira kolipira, kumene makina samva pepani, amafuna ndalama kuti achape ndi ndalama inanso kuti aumitse. Mayi amene watsala ndi ndalama ya chakudya cha usiku umodzi sakhala ndi zambiri zoti asankhe.

Poyamba a Cook anayesa nzeru yotsika mtengo. Anasintha yunifolomu kukhala ya mtundu woderako kuti litsiro lisamaonekere msanga. Zinathandizako masiku ochepa, koma fungo silidziwa mtundu wa nsalu. Atawona kuti zalephereka, anapempha thandizo ku PSE&G, kampani yogulitsa magetsi ndi gasi m'chigawocho, ndipo anapatsidwa $20,000. Malo ake? Chipinda chimene anyamata a mpira ankasinthiramo zovala. Ine pamenepa ndimaseka ndekha: chipinda chimene pasukulu iliyonse chimatchuka ndi fungo la thukuta ndi chimene chinasankhidwa kuti chithetse fungo. Ntchitoyo inatenga pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mu Ogasiti 2018, a Cook atangokwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu, chitseko chinatsegulidwa. Munali makina asanu ochapira ndi asanu oumitsira, zonse zaulere, mwana akaweruka azingolowa ndi thumba lake.

Kenako nkhani inatuluka m'manyuzipepala ndi pa wailesi zakanema, ndiye taonani zimene zinachitika! Anthu osawadziwa n'komwe, ochokera m'madera akutali a dzikolo, anayamba kutumiza sopo. Makatoni ankangofika, mpaka pasukulupo panaoneka ngati nkhokwe ya chaka cha mvula yabwino. Sukulu imene inkatchulidwa pa nkhani za ndewu inayamba kutchulidwa pa nkhani za sopo, ndipo kujomba kunayamba kuchepa. Ellen DeGeneres anawaitana a Cook ku pulogalamu yake ya pa kanema, sukuluyo n'kulandira thandizo lina la ndalama.

Chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti mankhwala amodziwa anachiza anthu amitundu itatu. Mwana analeka kubisala. Kholo linapuma, chifukwa ndalama yochapira inatsala m'thumba ndipo palibe amene analiitanitsa ku ofesi kukalilalatira za ukhondo wa mwana wake. Mphunzitsi nayenso anapepukidwa, poti palibe chotopetsa ngati kuphunzitsa mutu Lolemba, n'kudzaubwerezanso Lachinayi chifukwa ena kunalibe, kenako n'kudzadzudzulidwa mayeso akatuluka. Akulu a sukulu ambiri akafuna kuthandiza aphunzitsi amawaitanira msonkhano. A Cook anawabweretsera ana m'kalasi. Ife a ku Malawi sitingadabwe kwambiri, poti kuyambira 2002 taona mmene kapu ya phala la Mary's Meals imadzazira makalasi amene chikwapu chinalephera kudzaza.

Koma makina ochapira ndi theka chabe la nkhaniyi, ndipo theka linalo ndi lolemera. Cha m'ma 2016, ana ena a pasukuluyi anali ataphedwa ndi mfuti m'misewu ya mumzindawo. A Cook anaona kuti ngozi yagona pa maola amene sukulu yatseka, makolo ali kuntchito za usiku, mwana alibe kolowera. Ndiye anaganiza zosazimitsa magetsi. Anayambitsa ndondomeko yotchedwa Lights On: Lachisanu lililonse sukulu imakhala yotsegula kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 11 koloko usiku, ndipo patchuthi chachikulu cha m'chilimwe imatsegulidwa katatu pamlungu. Ana amasewera basketball ndi magemu a pa kompyuta, ena amavina, ena amajambula nyimbo, ndipo aliyense amadya chakudya chotentha. Mphunzitsi wamkulu mwiniwake amakhala pomwepo, pa nthawi imene anzake a udindo womwewo amakhala atavula nsapato kalekale.

Taganizirani mmene zinthu zinatembenukira. Kale vuto linali kuwalowetsa ana pachipata m'mawa. Tsopano vuto linasanduka kuwatulutsa usiku. Ana mazanamazana ankabwera okha, osaitanidwa ndi belu, Lachisanu usiku, kusukulu! Pofika mu 2019 a Cook ankanena monyadira kuti chiyambireni Lights On sanatayenso mwana wa pasukulupo chifukwa cha mfuti. Kholo limene kale linkagona khutu lili kumsewu linayamba kudziwa kumene mwana wake ali, amene ali naye, ndiponso kuti wadya.

Zoterezi zimadya ndalama, ndipo a Cook ankangodalira akufuna kwabwino, kupempha uku ndi uku. Ndiye Lachisanu lina mu Meyi 2019, ana ali mkati mwa masewera awo, pakhomo panalowa mayi wina amene nkhope yake aliyense ku America amaidziwa. Anali Oprah Winfrey. Anabwera ndi pizza yoti ana onse adye, ndipo sukulu yonse inagwedezeka ndi mfuwu, mafoni onse ali m'mwamba. Phokoso litachepako pang'ono, mayiyo analengeza kuti akupereka $500,000 kuti magetsi a West Side apitirize kuyaka, ndipo phokoso linayambiranso pomwepo.