Nthaka ya m'greenhouse imatopa msanga

Mlimi akamamanga greenhouse, mtima wake umakhala pa pulasitiki, zitsulo, ukonde wotsekereza tizilombo ndi mapaipi a dripu, pakuti ndi kumene ndalama zimathera. Zokolola zoyamba zimakondweretsa. Pakapita zaka zingapo matimati amayamba kuchepa ndi kufota masana ngakhale kuti munathirira m'mawa, ndipo mwini wake amathamangira kukagula fetereza wina. Nthawi zambiri vuto limakhala m'nthaka, ndipo limachokera ku denga lomwelo limene limateteza mbewu.

Tiyambe ndi mchere. Fetereza aliyense, kaya ndi Compound D, CAN kapena wosungunula m'thanki, ali ndi mchere wamtundu wake. Mbewu imatengako gawo, wotsala umakhala m'dothi. M'munda wapanja mvula ya Disembala mpaka Malichi imautsitsira pansi, kutali ndi mizu. M'greenhouse mvula silowa. Madzi a dripu amangonyowetsa kadera kozungulira tsinde, ndipo akamauma amasiya mchere m'mphepete mwa kaderako. Ndicho chifukwa chake mumaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa bedi. Mchere ukachuluka, mizu imalephera kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa, ndipo nsonga za masamba zimapsa. Alimi a kufupi ndi Lusaka ali ndi vuto lina: madzi a m'zitsime zobowola kumeneko amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo laimuyo amatseka timabowo ta dripu, kotero kuti mbewu zina zimamwa pamene zina zikugona ndi ludzu.

Mankhwala ake ndi madzi ndithu. Mukazula mbewu zakale, thirirani mabedi mowirikiza mpaka madzi alowe pansi kupyola pamene mizu imafika. Izi zimatheka pokhapokha ngati nthaka ikulowetsa madzi, ndipo apa ndi pamene kompositi amagwira ntchito yake. Tikunena kompositi wakupsa bwino. Ndowe za nkhuku zongochokera m'khola zili ndi mchere wambiri ndipo zimatentha mizu. Musanagule fetereza wina, tumizani dothi kukapimidwa, monga ku Mount Makulu ku Chilanga. Mtengo wa kupima ndi wochepa poyerekeza ndi matumba amene amathiridwa mongoganizira.

Mdani wachiwiri ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha manematodi. Timalowa m'mizu ndi kuitupitsa. Zulani chitsamba chimodzi chofooka, mutsuke mizu yake. Ikakhala ndi zotupa ngati mikanda, mwapeza chifukwa. Musazisokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba kapena nsawawa, timene ndi tabwino: timeneto timathothoka mukatikhudza ndi chala, pamene chotupa cha nematodi ndi muzu weniweniwo umene wafufuma. Tinyongolotsiti timaswana mofulumira m'nthaka yofunda, ndipo m'greenhouse nthaka imafunda pafupifupi chaka chonse.

Pamenepa timasiyana maganizo ndi alimi ambiri amene amati amasinthasintha mbewu. Wina amachotsa matimati n'kubzala tsabola, kenako impwa kapena mabilinganya. Zonsezi ndi banja limodzi, ndipo matenda ake ndi amodzimodzi. Nkhaka ndi therere si za banjalo, koma nazonso manematodi amazikonda kwambiri. Kusintha kwenikweni ndiko kubzala chinthu chimene tinyongolotsiti sitingaswanepo bwino. Sunhemp ndiye timamudalira kwambiri: amachepetsa manematodi, amawonjezera chonde monga mbewu zina za gulu la nyemba, ndipo akayamba maluwa, pakapita miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono, mumamudula ndi kumukwirira m'bedi. Maluwa a marigold amathandizanso, koma afunika kudzaza bedi lonse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kubzala awiri atatu pakhomo n'kukongoletsa chabe.

Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala nalonso ndi chida, ndipo sililipiritsa. Limani bedi, phwanyani zibuma, thirirani mokwanira, ndipo yalani pulasitiki woonekera mkati, osati wakuda, n'kukwirira m'mbali mwake kuti mpweya usatuluke. Tsekani greenhouse kwa milungu 4 mpaka 6. Kutentha kumapha manematodi ambiri, nkhungu zina za m'nthaka ndi njere za udzu m'dothi lapamwamba. Tinyongolotsi tokhala pansi kwambiri timapulumuka ndipo timabwerera, choncho njirayi iyenera kuyendera limodzi ndi kusintha mbewu. Mukachotsa pulasitiki musalime mozama, mungakweze dothi lodwala, ndipo thirani kompositi kuti tizamoyo tothandiza tibwerere. Mbande zobzalidwa pambuyo pake zimayamba kubala m'nyengo ya mvula, pamene matimati a panja amavutika ndi matenda ndipo mtengo ku Soweto Market kawirikawiri umakwera.

Tikudziwa kuti kusiya nyumba yonse miyezi itatu kapena inayi popanda chogulitsa n'kowawa, makamaka kwa amene ali ndi ngongole. Amene ali ndi nyumba zingapo azipumuza imodzi imodzi mosinthana. Amene ali ndi imodzi angaigawe pakati pobzala sunhemp, ngakhale kuti kutentha nthaka kumafuna nyumba yonse. Kupumuzaku kumathandizanso pa Tuta absoluta, kambozi kochokera ku South America kamene kanafika m'Zambia mu 2016 ndipo kamazolowera mankhwala msanga. Kambiri kamabisala m'zotsalira za matimati ndi m'dothi lapamwamba. Chotsani mapesi onse ndi zipatso zogwa, muzitenthe kapena kuzikwirira mozama kutali ndi nyumbayo, ndipo musaziponye pa mulu wa kompositi.