Mapasa Ofanana Amasiyaniranji?

Mayi akabereka mapasa ofanana nkhope, anthu amayembekeza kuti anaŵa adzafanana pa zonse. Tsono mmodzi akatupa miyendo, mnzake ali bwinobwino, pamudzi pamabuka manong'onong'o a tsempho kapena ufiti, ndipo makolo amalozedwa chala. Lero timve zimene madokotala adapeza.

Mapasa ofanana amachokera ku dzira limodzi limene limagaŵika paŵiri m'masiku oyambirira a pathupi. Motero onse aŵiri amatenga malangizo amodzi a chibadwa, otchedwa DNA. Komabe kusiyana kumayambira m'mimba momwemo. Ambiri a iwo amadyera pa nsengwa imodzi, ndipo wina amalandira magazi ochuluka kuposa mnzake; n'chifukwa chake mmodzi amabadwa wocheperako. Thupi likamakula, malangizo aja amakopedwa kambirimbiri, ndipo pena pamalakwika mwa mwana mmodzi yekha, kotero kuti nthenda yobadwa nayo ikhoza kugwira iye, mnzake n'kupulumuka. Ngakhale zidindo za zala zawo sizifanana.

Akabadwa, kusiyana kumapitirira. M'chaka cha 2013, akatswiri otsogozedwa ndi Jeffrey Gordon wa ku America adalengeza zimene adaona atatsatira mapasa a mabanja 317 muno m'Malaŵi, ofanana ndi osafanana omwe. Pa mabanja 43 mwa 100 aliwonse, mwana mmodzi adadwala matenda osoŵa zakudya m'thupi pamene mnzake adali wathanzi, chonsecho ankadyera mbale imodzi. Adapezanso kuti tizilombo ting'onoting'ono tothandiza kugaya chakudya m'matumbo tidali tosiyana. Atatenga tizilombo ta mwana wotupikana n'kutiika mwa mbeŵa zodyetsedwa chakudya chonga chathu, mbeŵazo zidaonda kwambiri.

Alimi a m'mbali mwa nyanja akudziŵa kuti chimanga cha pa chitsononkho chimodzi chimabereka mosiyana pachulu ndi pamchenga. Ndi mmenenso zilili ndi mapasa.

Choncho, amayi ndi abambo, phasa limodzi likayamba kutupa kapena kuonda, musataye nthaŵi kufunafuna wolakwa. Pitani nawo onse aŵiri ku sikelo, kaya ku chipatala cha Mua kapena china chapafupi, akapimidwe, wodwalayo akalandire chiponde ndi mankhwala. Tsalani bwino.