Kuchulukana kwa Zomera ndi Tizilombo Kuchokera kwa Kholo Limodzi

Zamoyo zambiri zimaberekana chachimuna ndi chachikazi zikakumana, monga momwe mungu wa ngayaye umagwera pa ndevu za chimanga kuti njere zipangike, koma ilipo njira ina imene kholo limodzi limabereka palokha. Pa njira imeneyi chibadwa, chomwe ndi uthenga wa m'maselo wolamula maonekedwe ndi mphamvu za chamoyo, sichisakanizika ndi cha kholo lina, kotero kuti mwana amatengera kholo lake pa zabwino ndi pa zoipa zomwe.

Alimi a ku Machinga ndi ku Balaka amadalira njirayi chaka ndi chaka, pakuti chinangwa amabzala mitengo yake, mbatata amaoka kholowa, nthochi amazula ana omera patsinde, ndipo mzimbe amakwirira zidutswa zokhala ndi mfundo pomwe pamatuluka mizu ndi mphukira. N'chifukwa chake chinangwa cha Mbundumali, chomwe ena amati Manyokola, chimasunga kukoma kwake, ndipo mbatata yofiira mkati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere siitaya vitamini A ngakhale kholowa wake atadutsa m'manja mwa alimi ambiri. Komabe mbewu yotere ndi yaiwisi, siisungika m'nkhokwe, choncho ku Balaka, kumene mvula ndi yochepa ndipo chilimwe n'chotentha, mlimi wopanda dimba losungiramo kholowa amasowa chobzala mvula ikagwa.

Kufulumira kwa kuchulukana kumeneku kumaonekera bwino pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, pomwe namasupuni, udzu woyandama wochokera ku South America, amatulutsa timisinde tam'mbali tomwe timaphuka n'kukhala zomera zatsopano mpaka madzi kuphimbika. Udzuwu umaunjikana pa Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965, ndipo kampani ya EGENCO imauvuula pamenepo kuti usakatseke makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani.

Pakati pa nyama, njirayi imapezeka kwambiri mwa tizilombo, ndipo akatswiri amaitcha parthenogenesis, kutanthauza kukula kwa dzira lomwe silinakumane ndi umuna. Nsabwe za nthochi zimabereka ana aakazi amoyo popanda yamphongo, ndipo anawo amayamba kubereka pasanapite nthawi yaitali. Nsabwezi ndi zomwe zimafalitsa matenda a chisaka, amene anapezeka m'Malawi m'zaka za m'ma 1990 n'kuwononga nthochi m'maboma ambiri. Kodikodi wa chinangwa, yemwe analowa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980, nayenso amaikira mazira popanda wamphongo, ndipo anachepa pokhapokha akatswiri, mothandizidwa ndi bungwe la IITA, atabweretsa timavu tating'ono ta ku South America tomwe timaswera m'thupi mwake.

Vuto lalikulu lagona pa kufanana kwa mbadwa, chifukwa munda umene mbewu zake zonse zinachokera kwa kholo limodzi ulibe chomera cholimba kuposa chinzake, ndipo matenda akagwira chimodzi amatha kugwira zonse. Kuwonjezera apo, tizilombo ta vairasi toyambitsa khate la chinangwa ndi chisaka timakhala m'madzi a chomeracho, motero mtengo wa chinangwa kapena mwana wa nthochi wotengedwa pa kholo lodwala amasamutsa matenda kupita nawo kumunda watsopano, ngakhale akuoneka wabwino pa tsiku lobzala.

Mwambo wopatsana mbewu pachibale ndi wabwino ndipo uyenera kupitirira, koma wopereka ndi wolandira yemwe ayenera kuyendera munda wa kholo mbewu zisanadulidwe, kuzula ndi kuwononga zomera zodwala, ndiponso kufunsa alangizi a zaulimi komwe kukupezeka mbewu yoyesedwa, pakuti thanzi la munda wotere limayambira pa kholo lomwe mlimi wasankha.