Nkhokwe ya kompyuta isagulidwe poona mtengo wokha

Kompyuta ikawonongeka kapena kubedwa, chopweteka kwambiri ndi kutayika kwa zomwe zinali m'katimo: kaundula wa mamembala a kalabu ya alimi, mabuku a ngongole za banki m'khonde ndi malipoti a zaka zambiri.

Njira imodzi yopewera tsokali ndi NAS, kabokosi kokhala ndi hard drive komwe kamalumikizidwa ku rauta ndi waya kuti makompyuta onse apakhomo azisungamo mafayilo awo. Ena mwa makampani opanga timabokositi ndi Synology, QNAP ndi Western Digital.

Kotsika mtengo kamakhala ndi disiki imodzi, koma disikiyo ikafa, zonse za m'menemo zimatayika. Ka madisiki awiri kamatha kulemba fayilo iliyonse pawiri, njira yotchedwa RAID 1, ngakhale kuti madisiki awiri a 2 terabyte amasunga 2 terabyte yokha. Timabokosi tambiri timagulitsidwa topanda madisiki, choncho wogula awerengeretu mtengo wonse.

Kakaunjika n'kofunika kusamala nako. Mu 2021 akuba a pa intaneti anafufuta mafayilo m'timabokosi ta My Book Live, tomwe mapulogalamu ake anakonzedwa komaliza mu 2015. Wogula afunse ngati kampani ikukonzabe mapulogalamu a kabokosiko.

Kumene magetsi amazimazima, batire ya UPS imateteza madisiki. Komabe moto kapena wakuba sasankha, ndiye kope lina lisungidwe pa disiki yonyamulika kunyumba ina, monga mlimi wanzeru sasunga mbewu yake yonse m'nkhokwe imodzi.